Gwedezani, Abiti

Ku Nsanama, mukadutsa msika kulowera njira ya ku Nayuchi, pali mtengo wa bwemba umene pansi pake dothi lidada bii ndi oyilo. Pamenepo ndiye pa galaja ya Che Haruna. Galaja ndi dzina chabe, poti palibe denga kapena chikwangwani. Pali jeke, zitsa ziwiri zokhazikapo galimoto, ndi bokosi lachitsulo la masipanala. Eni akewo kawirikawiri simuwaona nkhope, mumangoona mapazi atatulukira kunsi kwa galimoto. Anthu a pamsika amaseka kuti zidendene za Che Haruna akhoza kuzizindikira ngakhale pakati pa khamu la pa Idi, koma nkhope akhoza kuiphonya.

Adabadwira kufupi ndi Ntaja. Sukulu adailekeza panjira n'kupita ku Balaka kukaphunzira umakaniko pa galaja ina yokonza malole a thonje. Ali komweko, tsiku lina adatengedwa kukathandiza kukoka pikapu imene idagubuduka pa mtsetse wina m'mapiri a Machinga. Injini ya pikapuyo idali bwinobwino, mabuleki akenso ali bwino. Chidavuta ndi kachitsulo kolumikiza tayala lakutsogolo ku mkono wake, kamene amakaniko amati bolojointi. Kadadyeka mkati mpaka kuzuka, tayala n'kupindika ngati bondo la ng'ombe yogwa, anthu opita kuukwati n'kutayikira kuphompho. Haruna, amene panthawiyo ndevu zidali zisanamere, adapatsidwa ntchito yotola katundu m'udzu. Adatola nsapato za ana, ndipo zinazo eni ake sadazivalenso.

Kuchokera tsiku limenelo adali ndi mawu amodzi amene dalaivala aliyense wa ku Nsanama adawaloweza mosafuna: "Injini ikafa, galimoto imaima. Kutsogolo kukafa, galimoto imapha." Mukabwera ndi vuto la nyali, iwo amayamba agwada kaye pa tayala lakutsogolo, kuligwira pamwamba ndi pansi, kuligwedeza, kenako kuligwira m'mbali. Mukati mwafulumira, amakuyang'anani ngati mwatukwana mumzikiti. Ena amakwiya n'kupita kwina, koma ambiri amabwerera.

Komatu pali kuyeza kwina kumene munthu mmodzi sangakuthe. Wina ayenera kukhala pampando wa dalaivala n'kumagwedeza chiwongolero, pamene makaniko ali chagada kunsi, dzanja lili pa mfundo iliyonse ya zitsulo, kumvera ngati mwalowa mpata. Diso likhoza kunamizidwa, koma chikhatho chimamva kachitsulo kakugogoda ngakhale khutu lisanamve. Ntchito imeneyi, ya wogwedeza uja, idali ya mkazi wawo.

Dzina lake lidali Zaina, mwana wa Che Uladi wa mudzi wina wa m'mbali mwa njanji kufupi ndi Nayuchi, ndipo mwamuna wake ankamutchula kuti Abiti basi, dzina laulemu la kwawoko lotanthauza mwana wamkazi wa uje. Mwambo wa kwawoko umati mwamuna ndiye amakamanga kwa mkazi. Koma kumudziko kudalibe galimoto yoti munthu n'kudyerapo, tsono Haruna adapempha kuti amutenge mkaziyo akakhale ku Nsanama. Amene adayankha pempholo adali Habiba, mkulu wake wa Zaina, yemwe adamulera mayi awo atamwalira. Habiba adavomera, koma adaloza chala nati, "Alamu, mwabwereka, simunagule. Tsiku lina mudzam'bweze."

Ukwati ukadali wauwisi, Zaina adabwera ndi chakudya chamasana pansi pa bwemba n'kupeza mwamuna wake akukalipira munthu wina wodutsa amene adam'pempha kuti agwedeze chiwongolero. Munthuyo ankachizunguliza uku ndi uku ngati akuvundula phala. Haruna adatulutsa mutu nati, "Abiti, tayesani inu." Zaina adakwera, adakonza mpango wake, adagwira. Adagwedeza pafupipafupi, mopepuka, monga momwe ankapetera mpunga m'lichero. Kunsi kuja chikhatho cha Haruna chidamva kachitsulo kakuti ke, ke, ke, ndipo adaseka yekha ali chigonere.

Ntchito idakhazikika choncho. Mukamva mawu ochokera kunsi kwa galimoto akuti, "Gwedezani, Abiti!" mumadziwa kuti yankho likubwera: "Ndagwedeza kale, inu ndiye mwagona kunsiko." Amayi anzake ankamuseka kuti ndi dalaivala wosachoka pamalo. Iye ankawayankha kuti wagwira magalimoto ambiri kuposa amuna awo onse pamodzi, ndipo sadagundepo ngakhale nkhuku.

Mwana adapatsidwa mmodzi yekha, wamkazi, dzina lake Shamim. Shamim akuyamba sukulu, Che Haruna adagula vani yoyera yakale, adachotsamo mipando yakumbuyo, n'kumanyamula mpunga, nandolo, odwala, ndi maliro a anthu osowa pogwira. Ankaisisita, ankaipukuta, ankalankhula nayo. Zaina adaipatsa dzina loti mkazi mnzake. "Ashehe amalola anayi," ankatero, "koma awa anangotenga mmodzi wa miyendo inayi." Nsanje yake idali yonamizira, chifukwa ndi iye yemwe adasoka nsalu yophimba mpando wa dalaivala utang'ambika.

Tsitsi la onse awiri litayamba kuyera, Zaina adadwala matenda aja amene amayi amachedwa kuwatchula. Adabisa kwa nthawi yaitali, akumangoti ndi msana. Pomwe ankavomera kukwera vani kupita kuchipatala ku Liwonde, khansa idali itamanga kale mizu. Adayenda naye ku Zomba, adayenda naye ku Blantyre, mkazi mnzake uja akulira m'mapiri osadandaula. Mapeto ake madokotala adawaitanira pambali Che Haruna ndi Shamim, adalankhula nawo mofatsa, n'kuwapatsa botolo la mankhwala amadzi opha ululu oti azim'mwetsa kunyumba. Aliyense adamva tanthauzo lake. Shamim adasiya mwamuna wake ndi kagolosale kake ku Balaka n'kubwera kudzadwazika mayi ake.

Idali nyengo ya dzuwa loswa mtengo, mango atayamba kupsa, mvula ikungoopseza kum'mawa. M'mawa wina Zaina adaitana mwamuna wake. Adali atatha, manja atasanduka timitengo, koma maso adali akadali aja aja.

"Che Haruna, mundiperekeze kwathu. Ndikufuna ndikaone a Habiba ndikadali ndi mawu."

Habiba sakadatha kubwera. Sitiroko idamugwira zaka za m'mbuyomo, mbali imodzi idauma, ndipo ankachita konyamulidwa kuchoka m'nyumba kufika pakhonde. Pafoni alongo awiriwa ankangolira, mawu osamveka. Zaina ankafuna kukagona pamkeka umodzi ndi amene adamulera, pamudzi pamene padagwera mchombo wake. Sadapemphenso china.

"Insha Allah, lero lomwe," adatero Che Haruna. Adaimba foni kumudziko kuti akubwera, n'kupita kukaliza vani. Koma poitulutsa kuseri kwa nyumba, tayala lakutsogolo litangotsika mu kangalande ka pabwalo, kudamveka gu! Adaibweza m'mbuyo, adatsikanso. Gu!

Mawu ofowoka adachokera pawindo la kuchipinda: "Mkazi mnzanga akudandaula bondo lakumanzere."

Che Haruna adazimitsa injini n'kutsika. Chaka chathunthu vaniyo idakhala ikuthamanga m'zipatala, ndipo munthu amene sankalola galimoto ya mlendo kuchoka pa bwemba osaigwedeza tayala adali asanagwadepo pa yakeyake. Adaikweza pa jeke, adaikhazika pa chitsa, adagwira tayala pamwamba ndi pansi. Lidagwedera ngati dzino la mwana lofuna kuguluka. Adalowa kunsi ndi tochi. Kamphira kophimba bolojointi yam'munsi kadali katang'ambika, girisi yense atatha, mkati mutalowa mchenga. Mabushi, timphira tija timene timateteza zitsulo kuti zisakhulane, adali atasweka ngati zidendene za mlimi. Shoko imodzi, chitsulo chija chimachepetsa kudumpha kwa galimoto m'mabampu, idali itatayira mafuta ake onse pansi.

Adapempha Shamim kuti agwedeze chiwongolero. Mwanayo adayesa, koma ankazunguliza kwambiri. Bambo ake sadamukalipire. Zimene adamva zidali zokwana.

Adalowa m'nyumba akupukuta manja, adakhala m'mphepete mwa bedi. "Abiti, kutsogolo kwatha. Mundipatse tsiku limodzi."

"Tiyende pang'onopang'ono, ngati kamba."

"Msewu wa kwanu mukuudziwa. Ukangotha tala ndi mabampu okhaokha. Bampu lililonse mudzalimva m'mimbamo. Ndipo chitsulo chija chikazuka tili pakati pa tchire, ndikunyamulani pamsana?"

Shamim adaima pakhomo nati, "Ababa, tiyeni tingochita hayala galimoto ina."

Apa ndiye padavuta. Che Haruna adali atagonapo kunsi kwa galimoto iliyonse ya pa Nsanama, ndipo ankadziwa imene idamangidwa ndi waya, imene nati wake adasowa, imene mwini wake adakana kusintha chitsulo. Komanso timagalimoto tahayala tija munthu sangagonemo motambasuka, pamene Zaina sankatha kukhala tsonga nthawi yaitali. Zifukwa zimenezi zidali zoona. Koma padalinso china chimene sadachitchule, ndipo tichitchule ife: mtima wawo sukadalola kuti mkazi amene adamutenga kwawo ndi manja awo abwezedwe ndi dalaivala wina, m'galimoto ya eni. Chidali chikondi, komanso kadali kaukadaulo kodzikonda, ndipo zinthu ziwirizi mwa Che Haruna zidali zitalukana kalekale.

Zaina adayang'ana mwamuna wake. "Inu ndi amene mumadziwa," adatero, n'kutembenukira kukhoma.

M'mawa mwake Che Haruna adakwera minibasi kupita ku Liwonde, bolojointi yakutha ija ili m'thumba lapulasitiki. M'sitolo ya masipeya adawatulutsira yatsopano, yonyezimira, ili m'kabokosi kokongola. Munthu wina aliyense akadalipira n'kuthamangira basi yobwerera, dzuwa lisanafike pamutu. Che Haruna adaiika m'chikhatho, adaipima kulemera, adapotoza kamutu kake ndi chala chachikulu. Kadayenda mofewa kwambiri. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Adali ataonapo zoterezi zikutha mwezi usanathe, ndipo adaibweza pa kauntala.

Nanga ulendo wa ku Nayuchi ndi wa mwezi? Funso limeneli lidawafikira m'mutu, ndipo adaima nalo pakhomo la sitolo. Koma manja amene adatola nsapato za ana m'udzu sakadamanga chitsulo chokayikitsa pansi pa mkazi wawo. Adakwera basi ina kupita ku Balaka, kwa a Amosi, mnzawo wa kale wa ku galaja ya malole, amene tsopano amaphwasula magalimoto akale n'kumagulitsa ziwalo zake.

A Amosi adali ndi vani yamtundu womwewo imene idagundidwa kumbuyo, kutsogolo kuli kwamoyo. Atamva nkhani yonse sadafunse zambiri, adangovula shati n'kutenga sipanala. Akuluakulu awiriwo adalimbana ndi manati ochita dzimbiri mpaka thukuta kuwalowa m'maso. Adamasula mabolojointi onse awiri, mashoko, ndi timitu ta tairodi, ndodo ija imene imakankha tayala kuti likhote. Mabushi adagula atsopano. Potsanzikana, a Amosi adawagwira phewa nati, "Achimwene, thamangani. Zitsulo zimadikira, munthu sadikira." Che Haruna adafika ku Nsanama dzuwa likulowa, katundu ali pamutu ngati mayi wochokera kuchigayo.

Adapeza foni ya ku Nayuchi itaimba kangapo. Habiba adauza ana kuti amutulutsire pakhonde kuyambira m'mawa, ndipo adakana kulowa m'nyumba.

Kutacha Che Haruna adayamba ntchito pabwalo la nyumba, pafupi ndi windo la wodwala, kuti akaitana amve. Adachotsa matayala, adawongola timapini totsekera manati, adamasula. Bolojointi yakumanja, imene adaganiza zoisinthira limodzi, idakana kutuluka pamalo pake. Chitsulo chotere sumachimenya pamutu, umamenya m'mbali mwa chimene chachigwira kuti chidzidzimuke n'kulavula. Adakweza hamala, koma adakumbuka kuti kuseri kwa khoma kuli munthu amene ngakhale chitseko chikamenyetseka amabuula. Adamenya monyengerera, kachiwiri, kachitatu, chitsulo chili phee.

"Che Haruna," adatero mawu a pawindo, "mukumusisita kapena mukumukonza? Menyani, musandiopere."

Adamenya kamodzi mwamphamvu, chitsulo chidagwa pansi. M'chipinda mudamveka kaphokoso kamene sadadziwe ngati kadali kuseka kapena kubuula.

Adagwira ntchito tsiku lonse, akumaima pa nthawi ya mapemphero a swala yokha. Adakhomera mabushi atsopano, adamanga mashoko, adapaka girisi, adamanga nati aliyense n'kubwerezanso. Shamim ankawabweretsera tiyi amene ankazizira pa chitsa. Nthawi ina mwanayo adagwada pafupi ndi mapazi awo nanong'ona, "Ababa, amayi lero sanamwe ngakhale phala. Fulumirani." Iwo adayankha kuti fulumira adadya gaga. Koma mwambi winawo, wa zengerezu amene adalinda kwawukwawu, ankaudziwa onse awiri.

Dzuwa litapendeka, vani idatsika pa zitsa n'kuima pa miyendo yake. Kudatsala kuyeza kuja kofuna anthu awiri. Che Haruna adaitana Shamim, koma amene adayankha adali Zaina.

"Mwanayo sadziwa. Ndinyamuleni."

Che Haruna adakana, adachonderera, koma Abiti Uladi akanena chinthu ankakhala atanena. Adamukulunga m'chitenje, bambo ndi mwana adamunyamula, ndipo Che Haruna adadabwa kupepuka kwake, poti tayala limodzi la vaniyo linkalemera kuposa iye. Adamukhazika pampando wa nsalu imene adasoka yekha, mtsamiro kumsana. Zaina adakweza dzanja n'kukonza mpango wake monga adachitira tsiku loyamba lija.

Che Haruna adagona chagada, adalowa kunsi, adaika chikhatho pa bolojointi yakumanzere.

"Gwedezani, Abiti."

Padapita kanthawi. Kenako ndodo yachitsulo idasuntha, pang'ono, pafupipafupi, kapetedwe kake ka mpunga kaja. Pa mfundoyo padalibe mpata ngakhale wa tsitsi. Adasunthira kumanja, nako kudali gwa. Ntchito idali yabwino, mwina yoposa zonse zimene adagwirapo. Koma m'chitsulomo chikhatho chawo chidamvanso china: mphamvu ya manja a mkazi wawo, mmene idatsalira pang'ono. Zimene madokotala adanena ndi pakamwa, iwo adazimvetsa tsiku limenelo kudzera mu tairodi. Misozi idatsikira m'makutu, poti munthu wogona chagada salirira pamasaya.

Adali atamaliza kuyeza, koma sadatuluke. "Gwedezaninso," adatero.

"Ndagwedeza kale," adayankha Zaina mopumira, "inu ndiye mwagona kunsiko."

Ndipo adagwedezanso.

Atatuluka adapeza mkazi wawo atatsamira chiwongolero, thukuta lili mbwee pamphumi, koma akumwetulira. "Ali bwanji mkazi mnzanga?"

"Wachira."

"Alhamdulillah. Tsono kwende, tizipita."

Che Haruna adayang'ana kumwamba. Dzuwa lidali litatsala pang'ono kugwa, mitambo yakuda itaunjikana cha ku Nayuchi komweko. Matayala adali asanawongoledwe ndi chingwe kuti ayang'ane kumodzi, ndipo galimoto yosawongola imakokera kumbali. Wodwalayo naye adali atathera mphamvu zake zonse pa chiwongolero. Zifukwa zidaliponso, zabwinozabwino, monga zimakhalira nthawi zonse.

"Mawa m'mamawa, tikangoswali. Kukhala kozizira, mukafika bwino."

Zaina adawayang'ana, adawagwira ndevu ndi zala zake zowonda. "Inu ndi mawa wanuyo," adatero. Sadanene mokwiya. Adanena ngati mkazi amene adadziwa kalekale mtundu wa mwamuna amene adakwatiwa naye.

Che Haruna adawongola matayala kuwala kusanathe. M'mawa, atachokera kumzikiti, adasesa m'vani, adayala mkeka, adaika matiresi pamwamba pake, mitsamiro m'mbali kuti wodwala asagubuduke. Ankamangirira chitenje pawindo kuti dzuwa lisamuwombe kumaso pamene adamva Shamim akufuula m'nyumba. Sikudali kufuula koitana munthu kuti athandize. Che Haruna adatsala chiimire, mfundo ya chitenje ili m'manja, ndipo adaimaliza kumanga chifukwa manja sadadziwe china choti achite.

Maliro a Chisilamu sagonera, ndipo mkazi wotengwa amakaikidwa kwawo. Anthu adasonkhana msanga, ashehe adafika, foni zidaimbidwa. Thupi adaligoneka pa matiresi omwe aja, pakati pa mitsamiro yomwe ija, amayi atatu ndi Shamim atakhala m'mbali. Amuna adati mwini maliro asayendetse, apatse dalaivala wina. Che Haruna adangotsegula chitseko n'kukhala pampando, ndipo palibe adalimba mtima kuwatsitsa.

Vaniyo sidayendepo bwino chotero chigulireni. Tala atatha, idalowa m'mabampu ngati ikuyenda pa mchenga wonyowa. Chiwongolero chidali nji, osanjenjemera, osakokera kumbali. Che Haruna adayendetsa pang'onopang'ono, akuzemba dzenje lililonse, akuchepetsa liwiro pa kamlatho kalikonse, ndipo pena pake, tayala litagwera m'kadzenje kamene sadakaone, adamveka akuti, "Pepani, Abiti." Amayi a kumbuyo adayang'anana n'kuyambiranso kulira. Kuchokera ku Nsanama mpaka kukaona njanji, galimoto sidagogode ngakhale kamodzi, ndipo kukhala chete kwakeko kudawapweteka kuposa phokoso lililonse limene adamvapo.

Pamudzi paja anthu adali atadzaza. Amuna adali atapita kale kukakumba, amayi akutereka madzi osambitsira thupi. Pakhonde la nyumba ya njerwa zosawotcha padakhala Habiba, atatsamira khoma, mkono wouma uli pamiyendo. Pambali pake padali mkeka watsopano umene adauyalitsa tsiku lija adamva kuti mng'ono wake akubwera, ndi kabeseni ka mango amene adayamba kale kuda mawanga.

Thupi litalowetsedwa m'nyumba, Che Haruna adapita kukagwada patsogolo pake. Adavula kofia. Adatola mawu amene adapatsidwa kalekale.

"Alamu, ndabweza chimene ndinabwereka."

Habiba adawayang'ana ndi diso limodzi lomwe linkatseguka bwino. Pakamwa pake padali popotoka, mawu ankatuluka movutika, koma aliyense pakhondepo adawamva.

"Ndinakubwerekani akulankhula."

Che Haruna adaweramitsa mutu mpaka ndevu kukhudza dothi.

"Munachedwa kuti?"

"Ndimakonza kutsogolo kwa galimoto, kuti asamve kuwawa panjira."

Kutali sitima ya katundu inkadutsa, ndipo Habiba adadikira mpaka phokoso lake litatha.

"Ndiye sanagwedezeke?"

"Iyayi. Ngakhale pang'ono."

Mayiyo adatambasula dzanja lake lamoyo, adaliika pamutu wa mlamu wake, ndipo onse awiri adalira mokweza ngati ana. Kaya kudali kukhululuka kaya kutopa chabe, Che Haruna sadafunse. Zaina adaikidwa dzuwa lisanapendeke, ndipo mvula yoyamba idagwa anthu akuchokera kumanda.

Ku Nsanama nkhaniyi anthu amaikambabe, aliyense ndi chiweruzo chake. Ena amati nkhalambayo idasankha chitsulo m'malo mwa mkazi. Amenewo sadaonepo tayala litapindika pamtsetse, ndipo kulankhula n'kosavuta ukakhala pa benchi ya tiyi. Ena amati lidali tsiku lake basi, lolembedwa ndi Mwini moyo. Che Haruna satsutsa mbali iliyonse. Adabwerera pansi pa bwemba sadaka itatha, ndipo mpaka lero galimoto siichoka pamenepo asanaigwedeze tayala. Pa kuyeza kuja kofuna anthu awiri amapempha mwini galimoto, n'kupirira kuzunguliza kwake kosadziwa. Amangoti, "Gwedezani," mawuwo n'kuthera m'malere ngati pali liwu lina limene alimeza.

Zitsulo zakutha amagulitsa kwa ogula zakale, koma bolojointi yakumanzere ija adaisunga. Ili m'bokosi la masipanala, yokulungidwa m'kansalu kotsala pa mpando uja. Pakakhala palibe ntchito amaitulutsa, amagwira kamutu kake n'kukagwedeza pafupi ndi khutu. Tsiku lina a Amosi adabwera kuchokera ku Balaka kudzawaona, adawapeza akuchita zimenezo, ndipo Che Haruna adawapatsira m'manja.

"Inu ndinu makaniko, achimwene. Taimvereni. Ikanafika ku Nayuchi, kapena sikanafika?"

A Amosi adaigwedeza, adaitembenuza, adaigwedezanso. Adali munthu woti akadatha kunama kuti mnzawo agone tulo, koma ankadziwa kuti chikhatho cha Che Haruna sichinamizika.

"Mwina ikanafika," adatero. "Mwina ayi."

"Inenso ndimamva choncho," adatero Che Haruna. Adaikulunganso m'kansalu kaja, adaibwezera m'bokosi, n'kukwawira kunsi kwa minibasi imene inkawadikira.